Mwendo wa Mkamwini

Palibe amene anandiuza, ndisanabwere ku England, kuti anthu a kuno amagona pansi pa thanki ya madzi. Za kuzizira anandiuza. Za nsima ya ufa wa m'shopu anandiuzanso. Koma zoti m'nyumba zambiri zakale muli chithanki chapulasitiki chobisala m'denga, pamwamba penipeni pa mitu ya anthu, ndinadzazidziwa titagula kale nyumba pangongole kuno ku Luton, makiyi ali m'manja.

Chiyambi chake n'chakale. M'zaka za m'ma 1800 makampani a madzi ku London sankapereka madzi tsiku lonse. Ankatsegula maola ochepa n'kutseka, ndiye nyumba inkafunika posungira. Madzi atayamba kubwera usana ndi usiku chizolowezicho chinatsala, ndipo mpaka m'zaka za m'ma 1980 malamulo a dziko lino sankalola kulumikiza giza molunjika ku paipi ya kampani. Masiku ano nyumba zambiri zili ndi boila ya combi, imene imatenthetsa madzi nthawi yomweyo mukatsegula mpopi, yosafuna thanki. Yathu si ya masiku ano. Madzi amachokera mumsewu, kukwera m'denga, kudzaza thanki. Kuchoka m'thankimo amatsika okha kulowa m'giza imene ili m'kakabati pafupi ndi bafa, amatenthedwa, n'kupita ku mipopi. Chowakankha palibe, koma kulemera kwawo komwe.

Kwathu ndinali mphunzitsi wa sayansi ku sekondale. Kuno ndimanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu m'mbali mwa msewu wa M1, koma sayansiyo sinandichoke m'mutu, ndipo ndi imene inandipweteketsa. Chaka ndi chaka ndinkaphunzitsa ana kuti madzi akatsika mamita 10 amakhala ndi puresha ya bar imodzi, mita imodzi ndi 0.1 basi. Ndinatenga tepi n'kuyeza. Kuchokera pa thanki kufika pa mutu wa shawa yathu panali mita imodzi ndi theka, ndiye kuti 0.15. Pomwe mpopi wa madzi ozizira wa kukhitchini, umene umamwa molunjika ku paipi ya mumsewu, ukautsegula mosasamala unkakunyowetsa malaya. Masamuwa ndinawalemba kuseri kwa envulopu ya bilu ya gasi n'kuwaonetsa mayi a kunyumba.

"Mwaona? Vuto si ife. Ndi mamangidwe a azungu."

"Nanga bwanji titangolowa muno madzi ankatuluka bwino?"

Funso limeneli ndinalidumpha. Tilipeza kutsogolo.

Shawa yathu sinkathira madzi, inkangodontha. Ukapaka sopo unkaima pansi pake n'kumazungulira, kupereka phewa ili, kenako ilo, kwinaku sopo akuumira kumsana. Wina akatsegula mpopi wa madzi otentha kukhitchini, m'bafa munkangoti zii, iwe uli ndi thovu m'maso. Mayi a kunyumba anali oyembekezera, miyezi itapita ndithu, ndipo ntchito yawo ndi yosamalira okalamba, usiku wonse ali chiimire. Pofika m'mawa ankangofuna madzi otentha pamsana. Atatopa n'kudikira anagula ndowa ya malita 10 ndi kapu yapulasitiki, n'kumawiritsa madzi m'ketulo. Iwo sanadandaule. Amene zinamuwawa ndi ine.

Kenako uthenga unafika kuti chitupa cha ulendo cha apongozi chatuluka, akubwera kuchokera ku Ntcheu kudzathandiza chikuta. Tulo tinandithawa. Mayi amenewa anandipatsa mwana wawo ndili mphunzitsi wovala tayi. Lero akabwerere kumudzi kukanena kuti ku England, kwa mkamwini, amasamba m'ndowa?

"Itanani pulambala, bambo," anatero mayi a kunyumba.

Foni ndinaimbadi. Anandiuza mtengo wongobwera kudzaona, asanagwire n'komwe sipanala. Matenda athu ife okhala kunja mukuwadziwa: mtengo uliwonse timayamba tausintha m'mutu kukhala makwacha, kenako makwachawo kukhala matumba a feteleza. Nditawerenga matumbawo ndinathokoza n'kudula foni.

Kuyambira pamenepo ndinkagonera mavidiyo a pa YouTube. Ganizo loyamba linali loika pampu pa paipi ya mumsewu penipeni kuti nyumba yonse ilandire. Mnzanga wina wa kuntchito, wa ku Poland, amene kwawo anagwirako ntchito ya mapaipi, anandiletsa. Anati malamulo a za madzi a 1999 salola kungolumikiza pampu yokoka malita oposa 12 pa mphindi usanadziwitse kampani ya madzi, chifukwa ukhoza kuumitsa mipopi ya anansi. Komanso vuto lako, anatero, si la madzi ozizira. Anawonjezera kuti ndisanagule chilichonse ndiyambe ndayeza madzi amene akutuluka, ndi ndowa ndi wotchi. Mawu oyambawo ndinawamva. Achiwiriwo ndinawayesa chibwana. Munthu wa masamu a pa envulopu angayezenso ndi ndowa?

Mapampu a shawa alipo mitundu iwiri. Mtundu wina umadzuka wokha ukamva kuti madzi ayamba kuyenda. Mkati muli kaswichi kamene madzi amakakankha, ndiye pamafunika kuti madziwo azitha kutsika okha, ngakhale pafupifupi lita imodzi pa mphindi. Winawo ndi wa shawa imene ili molingana ndi thanki kapena pamwamba pake, monga m'nyumba zimene denga analisandutsa chipinda chogona. Umenewo umasunga puresha m'paipi n'kudzuka ikangotsika. Wotiyenera ife unali woyambawo, ndipo apa pokha ndinasankha bwino. Palinso mphamvu: bar 1.5, bar 2, bar 3. Nyumba ya shawa imodzi yaing'ono, 1.5 imakwana. Ine ndinati mwamuna sagula 1.5 pamene 3 ilipo.

Ndinaipeza pa intaneti, yogwiritsidwapo kale ntchito, mapaundi 40. Mwini wake tinakumana pamalo oimika magalimoto a shopu ina, mvula ikuwaza. Anaitulutsa m'buti itakulungidwa m'thawulo. Inali ya mbali ziwiri, ina ya madzi otentha ina ya ozizira, kuti onse afike pa shawa ndi mphamvu yofanana. Kabuku ka malangizo analibe. Anati pamene ankaichotsa inkagwira ntchito, ine osafunsa chimene anaichotsera.

Loweruka lina, mayi a kunyumba atapita kuntchito, ndinayamba. Choyamba ndi kutseka madzi olowa m'giza. Pa paipi yotsika kuchokera ku thanki pali valavu ya kagudumu kofiira. Ndinakapotoza, kanazungulira. Ndinapotozanso, kanazungulirabe, mofewa, mopanda polekezera, koma pa mpopi madzi ankatuluka monga kale. Ndinakayang'ana kagudumuko kwa kanthawi, n'kutseka chitseko cha kabati. Ndinakwera m'denga, n'kumangirira ku ndodo mkono wa mpira woyandama uja umatseka madzi thanki ikadzaza, n'kutsegula mipopi yonse mpaka thanki inauma.

Pamutu pa giza pamatuluka paipi yakopa ya mamilimita 22, ndipo ili ndi ntchito ziwiri. Nthambi ina imapititsa madzi otentha ku mipopi. Ina imakwera mpaka m'denga n'kuweramira pamwamba pa thanki, kukamwa kuli yasa, kuti mpweya ndi nthunzi zizithawira kumeneko giza isaphulike. Madzi akamatenthedwa amatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo umasonkhana pamutu pomwepo. N'chifukwa chake amisiri amaikapo kachipangizo kotchedwa Surrey flange, kokhala ndi kapaipi kolowa pansi pang'ono m'giza, kuti pampu izimwa madzi okhaokha. M'mavidiyo onse ankakatchula. Ine ndinati awa ndi machenjera a ogulitsa. Ndinadula paipi ija pamwamba pa giza, n'kulumikizapo mphanda yapulasitiki yongokankha, n'kupereka ku pampu. Mbali ya madzi ozizira ndinaiba pa paipi yopita ku toileti. Pampuyo ndinaikhazika pa matabwa a pansi popanda choyala, magetsi n'kukoka ndi ekisitenshoni kuchokera pa soketi ya pamwamba pa masitepe.

Nditatsegula shawa, madzi anamenya khoma mpaka kudumphira pa galasi. Ndinalowamo ndi zovala zomwe, ndikuimba. Koma phokoso! Linali la chigayo cha dizilo, chija chimamveka mpaka tsidya la dambo. Matabwa ankanjenjemera, makapu m'kabati ya kukhitchini akugundana. Nyumba za mumsewu mwathu n'zogundizana khoma ndi khoma, ndiye galu wa gogo wachizungu woyandikana nafe anayamba kuuwa, ndipo kuchokera tsiku limenelo msewu wonse unkadziwa nthawi imene banja lathu likusamba.

Mayi a kunyumba atasamba anatuluka akumwetulira. "Koma ndiye mwayesetsa, bambo." Mawu amenewo ndimawasungabe, chifukwa sanabwerezedwenso.

Sipanapite nthawi, shawa inayamba kutsokomola. Madzi ankabwera bwino, kenako pfu, pfu, mpweya, kenako ozizira okhaokha obaya m'mafupa, kenako otentha ofuna kusupula khungu. Pampu nayo inasintha mawu. Munkamveka timiyala tikugubuduzika mkati, pamene timiyala munalibe.

Mphunzitsi wa sayansi anaganiza kuti ngati madzi otentha akuchepa, mankhwala ake ndi kuwonjezera moto. Ndinapotoza thermostat ya pa giza kuchoka pa 60 kufika pa 80. Apa ndiye ndinaipitsiratu. Madzi akatentha kwambiri amatulutsa mpweya wochuluka, ndipo pampu ikamawakoka mwamphamvu amawira asanafike n'komwe pa madigiri 100, chifukwa puresha ikatsika madzi sachedwa kuwira. Timathovu tanthunzi timene timapangika timakaphulikira pa mapiko a pampu n'kumawadya pang'onopang'ono. Timiyala tija tinali timeneti. Opanga mapampu amalemba kuti madzi olowa asapitirire madigiri 60 kapena 65. Zoti puresha ikatsika madzi amawira msanga ndinkaphunzitsa ndine, choko chili m'manja, ndikupereka chitsanzo cha munthu wophika pamwamba pa phiri la Mulanje.

Mwana anabadwa, wamkazi. Apongozi anatera pa Heathrow kudzera ku Addis Ababa, atanyamula ufa woyera, usipa ndi chitenje choberekera mdzukulu. M'mawa mwake analowa m'bafa. Chigayo chinalira. Mphindi isanathe anatuluka ali ouma, n'kufunsa mwana wawo motsitsa mawu kuti m'khomamo mukukhala ndani. Atawafotokozera, anapempha ndowa.

Tsoka lenileni linabwera tsiku limene mayi a kunyumba anamasula tsitsi n'kuganiza zolitsuka bwinobwino. Thanki yathu ndi ya magaloni 25, malita pafupifupi 114. Pampu ya bar 3 inkakoka madzi msanga kuposa mmene mpira woyandama unkabwezeretsera, ndipo onse, otentha ndi ozizira, gwero lawo ndi thanki yomweyo. Malangizo amati shawa ya pampu imafuna thanki ya magaloni 50, malita 227. Masamu amenewa pa envulopu panalibe. Thanki inauma, pampu inameza mpweya n'kukuwa, mayi a kunyumba n'kukuwanso. Nditazimitsa, thanki inadzazanso yokha, koma mipopi yonse ya madzi otentha inakana. Ukatsegula kunkangomveka kupuma. Mpweya unali utatsekereza m'paipi, ndipo madzi ongotsika okha alibe mphamvu yoti n'kuukankha. Mwezi wa Febuluwale umenewo, m'nyumba muli khanda la masiku, matewera ndi timalaya zili mulu.

Mayi a kunyumba anangoti, "Safunsa..." Mwambiwo sanaumalize. Apongozi anali pafupi, ndipo pamaso pa amayi awo sandinyoza.

Mankhwala a mpweya wotsekereza amadziwika. Umalumikiza mpopi wa madzi ozizira wa kukhitchini, uja wa mphamvu ya mumsewu, ku mpopi wa madzi otentha ndi kachidutswa ka hosipaipi. Umatsegula wotentha, kenako wozizira, ndipo madzi amphamvuwo amabwerera chammbuyo m'paipi n'kukankhira mpweya kumtunda mpaka utulukire ku thanki. Mphindi imodzi kapena ziwiri zimakwana. Zomangira zachitsulo ndinalibe, ndiye ndinadula chubu chakale cha njinga n'kupanga malegeni. Poyamba hosipaipi inafwamphuka n'kundisambitsa pamodzi ndi ufa wa apongozi umene unali pa shelefu. Ndinamanganso, mano ali gwa. Inagwira, ndipo m'makoma munamveka kugubuduka kokoma, mpweya ukuthawa.

Pomwepo foni inalira. Anali achimwene kumudzi, nkhani ya fizi ya mwana wawo. Nkhani ya fizi saikamba mphindi ziwiri. Ndinatuluka nayo foni kupita pabalaza, poti kukhitchini intaneti imavuta.

Amene anandidula ndi gogo wa galu uja, akugogoda pakhomo atavala jasi pamwamba pa zogonera. Anati pakhoma lathu lakuseri, m'munsi mwa denga, pali kapaipi kamene kakulavulira madzi pabwalo pake, ndipo usiku madziwo akaundana iye aterereka. Kapaipi kameneko n'kotayira madzi thanki ikasefukira. Munthu wanzeru akanathamangira kukhitchini kukatseka mpopi. Ine ndinatenga tochi n'kuthamangira kudenga kukaona thanki.

M'denga la nyumba za kuno mulibe pansi poponda. Muli mitanda yamatabwa yotalikirana, ndipo pakati pake pali bolodi lapulasitala lopyapyala, lomwe ndi siling'i ya zipinda za m'munsi. Zonsezi zimakwiririka ndi ubweya wachikasu wotchinga kuzizira, ndiye mtanda umaufufuza ndi phazi. Masiku onse am'mbuyo ndinkafufuza. Tsiku limeneli ndinkathamanga.

Mwendo wakumanja unalowa mpaka m'ntchafu. Wakumanzere unatsala m'mwamba utapindika, ine nditakhalira mtanda m'njira imene sindingaifotokoze pagulu. Tochi inagubuduka n'kuzima. Nditasuzumira m'mbali mwa ntchafu yanga ndinaona kuwala, bedi, ndi duku la apongozi.

Inu a kwathu mukudziwa mmene mkamwini amakhalira ndi apongozi ake aakazi. Chibwerereni, m'chipinda chimenecho ndinali ndisanapondemo. Tikakumana pa masitepe ndinkabwerera kuti adutse. Moni ndinkapereka nditanyonyomala, maso ali pansi. Lero mwendo wanga wa kabudula, sokosi yobooka pa chala chachikulu, unali lende pamwamba pa bedi lawo, ukugwedera. Iwo anali atakhala pansi akupinda matewera. Mwamwayi khanda linali kwa mayi ake. Fumbi loyera linali litawagwera pa duku ndi m'kapu ya tiyi.

Panapita kanthawi popanda woyankhula.

"Pepani, amayi," ndinatero kuchokera kumwamba.

"Zikomo, bambo," anayankha, nkhope atalozetsa kukhoma. "Kungoti kwathu odi amanenera pakhomo."

Kenako anaitana mwana wawo. "Amake mwana, tabwerani kuno mudzawathandize bambowa. Asochera njira."

Mpopi wa kukhitchini anakatseka ndi apongozi omwewo, atatsika masitepe mosapupuluma. Sayansi sanaphunzire, koma anamva kumene madzi ankalira.

Pulambala anabwera mawa lake, bambo wachikulire wosayankhulayankhula. Mtengo wake sindinausinthenso kukhala feteleza. Atamva nkhani yonse sanaseke. Anangopempha ndowa, ndi kuti wina agwire wotchi. Ndowa ya malita 10 ija anaitchera pa mpopi wa madzi otentha wa m'bafa. Mpweya unali utachokadi, pamenepo pokha malegeni anagwira ntchito, koma ndowayo inatenga mphindi zoposa zitatu kuti idzaze. Anapukusa mutu. Anati mpopi waukulu wa bafa, ngakhale thanki ikhale pafupi chotere, uyenera kudzaza ndowa imeneyi mphindi isanathe. Thanki kukhala pafupi kumafooketsa shawa, inde, koma sikungaumitse mpopi chonchi. Penapake pali chotseka. Ndipo pampu, anatero, sipanga madzi, imangokankha amene yapatsidwa.

Anayamba kuwatsata madziwo chobwerera, kuyambira pa shawa. Mutu wa shawa anaumasula n'kundionetsa timabowo take, tambiri titatsekeka ndi zoyera zolimba. Madzi a ku Luton amachokera pansi pa mapiri a choko a Chiltern, ndiye amabwera ndi laimu wambiri, yemwe uja amamatirira m'ketulo. Anati ndiuviike m'vinega usiku umodzi. Polowera madzi m'pampu pali timasefa ting'onoting'ono, timene ine sindinkadziwa n'komwe kuti tilipo. Anatitulutsa titadzaza mchenga ndi ubweya wachikasu uja, chifukwa tsiku lomangirira mpira ndinaiwala kubwezera chivundikiro cha thanki. Mphanda yanga ya pamutu pa giza anangoiloza ndi chala. Thermostat anaibwezera pa 60, n'kunena kuti pamenepo tizilombo ta Legionella timafa popanda kuphika pampu, ndipo madzi a madigiri 80 m'nyumba ya khanda ndi ngozi, amasupula khungu m'kamphindi. Ekisitenshoni anaizula osanena kanthu, n'kuikulunga, n'kundipatsa m'manja.

Kenako anafika pa kagudumu kofiira. Anakagunda ndi chala chimodzi, kanazungulira.

Mkati mwa valavu imeneyi muli kachitseko kachitsulo kamene kamatsika n'kutseka paipi. Kagudumu kamapotoza kasikuluwu kamene kamakweza kapena kutsitsa kachitsekoko. Valavuyo ikakhalitsa osaigwira, laimu amaimata. Munthu akaikakamiza, kasikuluwu kamaduka, kagudumu n'kumangozungulira pachabe, kachitseko n'kutsala pamene kanali. Kathu kanatsala katatseka pafupifupi paipi yonse. Giza inkalandira madzi kudzera pa kampata kochepa, ndiye pampu yanga ya bar 3 ikamakoka, njira yokhayo yotseguka inali paipi ya mpweya ija ya kudenga. Inkamwa mpweya chifukwa ndi umene unalipo.

Pulambala anaunika ndi tochi yake. Pa kagudumupo panali zipsera za mano a sipanala, penti yofiira itasupuka. Anayang'ana zipserazo, n'kuyang'ana ine. Mayi a kunyumba anali pakhomo la bafa, khanda lili paphewa.

"Ndiye kuti amene anatigulitsa nyumbayi anatibisira?" anafunsa.

Bambo uja anakanda chibwano. "Mavalavu akale awa amaduka," anatero. Sananame.

Funso lija ndinalidumpha talipeza. Titangolowa m'nyumbayi, mpopi wa madzi otentha wa pasinki unkadontha, ndipo ndinaganiza zosintha washala. Kagudumu kanali kolimba, ndiye ndinabwereka sipanala yaikulu kwa m'bale wina wa kutchalitchi. Kutseka kanatseka. Potsegula kanayenda pang'ono n'kuima. Ndinakanikiza ndi thupi lonse, ndipo ndinamva thwa. Madzi anabwerako pang'ono, ine n'kunena mumtima kuti otsalawo abwera okha. Washala ndinasinthadi bwino, mpopiwo sudonthanso mpaka lero. Madzulo ake mayi a kunyumba atadandaula kuti shawa yafooka, m'pamene ndinayamba kukamba za mamangidwe a azungu. Ndinawakamba nthawi yaitali mpaka nanenso ndinakhulupirira.

Valavu yatsopano, ya chogwirira chongokhotetsa kamodzi, sinakwane mapaundi 10. Ataiika, ndowa inadzaza mphindi isanathe. Pampu ndiye inali itatha. Maraba ake anapsa ndi madzi a madigiri 80, ndipo inkadontha pansi. Pulambala anati ndikafuna ina andiikira, ya 1.5, koma pamodzi ndi thanki ya magaloni 50, Surrey flange, mapaipi akeake ochokera ku thanki, choyala chopha phokoso, ndi wamagetsi wa mapepala wodzaika swichi ya fyuzi. Ndisanatsegule pakamwa, mayi a kunyumba anati ayi. Tinagula mutu wa shawa wa mabowo aakulu, wopangira madzi a puresha yochepa. Shawayo siimenya khoma, koma sopo imachotsa, ndipo galu wa gogo anasiya kuuwa.

Chimene chinadula ndi siling'i. Inali ya pulasitala wamaluwamaluwa uja wa m'nyumba zakale, ndipo mmisiri anakana kuigwira asanatumize kachidutswa kukapimidwa, chifukwa pulasitala wotere kale ankamusakaniza ndi asbestos, amene dziko lino linaletseratu mu 1999. Chipinda chinatsekedwa. Apongozi anasamukira m'chipinda chathu ndi mwana wawo ndi mdzukulu, ine pa sofa. Zotsatira zinabwera zabwino, munalibe kanthu. Koma bilu ya kupima, bolodi, pulasitala ndi penti inaposa kangapo mtengo uja ndinaudulira foni, ndipo ndikulipirabe pang'onopang'ono.

Apongozi anakhala nafe mpaka chitupa chawo chitatsala pang'ono kutha. Shawa yokonzedwayo sanailoweko. Anati ndowa sinawakhumudwitsepo. Atabwerera ku Ntcheu, achibale atawafunsa za mkamwini, akuti anayankha kuti ndi munthu wolimbikira ntchito, amafika paliponse.

Mayi a kunyumba mpaka pano mlandu wa valavu amauika pa mzungu amene anatigulitsa nyumba, ndipo akamukumbukira amamunenera mawu osayenera munthu wa kwaya. Bambo ameneyo sanalakwe chilichonse. Ndidzawauza ndekha ngongole ya siling'i ikatha. Inu amene mwatizindikira, chonde musanditsogolere.